Mdzukulu akhale ndi ndani? Njira yoyenda kholo ndi agogo akamalimbirana mwana

Mlandu wolimbirana mwana pakati pa kholo ndi agogo kawirikawiri umayamba ndi chifundo. Mtsikana wachembeza ali Folomu 3, amayi ake n'kunena kuti, "Bwera nalo kuno khandalo, iwe ubwerere kusukulu." Wina wapeza mwayi wa ku Joni, wasiya mwana woyamwa kwa agogo ku Chinsapo, ati ndikakakhazikika ndidzamutenga. Kwina ndi maliro: mayi watisiya, tsiku lometa akuchikazi anyamula ana onse kupita nawo kwa Kabudula, bambo watsala m'nyumba ya lendi ku Area 25, chisoni chitamutseka pakamwa. Ndiye papite zaka 5 kapena 7. Kholo lija latulukira, likuti ndadzatenga mwana wanga. Agogo akuti, "Mwana wake uti? Munali kuti ine ndikuchezera naye kuchipatala malungo atamugwira?"

Ndakhalapo nkhoswe pa nkhani ziwiri zotere, ndipo ina ndinaperekeza azakhali anga mpaka kukhoti. Ndikulembera mbali zonse ziwiri, agogo ndi makolo omwe, chifukwa njira yake ndi imodzi, ndipo onse amakhumudwa pa miyala yofanana.

Poyambira: dziwani funso limene khoti lidzafunse

Anthu timapita kukhoti titanyamula funso lakuti "mwanayu ndi wa ndani?" Woweruza amakhala ndi funso lina: "mwanayu akula bwino ali kuti?" Mukalephera kusiyanitsa mafunso awiriwa mudzataya ndalama za minibasi pachabe.

Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limati pa chiganizo chilichonse chokhudza mwana, ubwino wa mwanayo uzikhala patsogolo. Kuyambira 2017, pamene Nyumba ya Malamulo inasintha gawoli, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo limene limagwira ntchito tsiku ndi tsiku pa nkhanizi ndi Child Care, Protection and Justice Act la 2010. Gawo 8 la lamuloli limalola kholo, wachibale, kapena munthu wina woyenera kupempha khoti la ana kuti limupatse mwana azikhala naye, kapenanso kuti limupatse mwayi womamuona nthawi ndi nthawi. Agogo ali m'gulu la achibale, choncho khomo ndi lotsekula. Pogamula, khoti limayang'ana ubwino wa mwana, kufunika koti mwana wamng'ono akhale pafupi ndi mayi ake, maganizo a mwanayo, ndiponso kuti ana a bere limodzi asamwazike ngati n'kotheka.

Onani kuti pamndandandawu palibe mawu akuti chikamwini, chitengwa kapena lobola. Apa ndi pamene ambiri amadabwa. Ife Achewa tinakula tikudziwa kuti ana ndi a kuchikazi, kuti mwinimbumba ndi malume, mkamwini anangobwera kudzabereka. Anzathu a ku Mzimba, Rumphi kapena Nsanje anakula akudziwa kuti ng'ombe zikapita, ana ndi a kuchimuna. Mu Lilongwe muno miyambo iwiriyi imakumana m'nyumba imodzi: mnyamata wa ku Ekwendeni wakwatira mtsikana wa kwa Chadza, ndipo zikavuta mbali iliyonse imatulutsa mwambo wake n'kumaona ngati inayo yapenga. Woweruza amamvetsera za mwambo, sanyoza, koma mwambo paokha supambanitsa mlandu.

Kunena mosapsatira, kholo limayambira patsogolo pang'ono, chifukwa lamulo linaika udindo wolera mwana pa makolo, kaya anakwatirana kaya ayi. Agogo ayenera kuonetsa chifukwa chomveka choti mwana asapite kwa womubereka. Koma zaka zimene mwana wakhala pakhomo pa agogo si zamasewera. Mwana amene kuyambira akukwawa sadziwa khomo lina samuzula tsiku limodzi ngati chinangwa.

Chachiwiri: manja pansi, mwana asabedwe

Mtima ukatentha, maganizo oyamba amakhala a usiku: agogo kumukweza mwana basi ya ku Mitundu kuti akabisale kwa achemwali awo, kapena bambo kukamudikirira pageti la sukulu ndi galimoto yahayala. Musatero. Lamulo la 2010 lija limati kutenga, kusunga kapena kubisa mwana popanda chilolezo cha kholo kapena cha amene akumusunga mwalamulo ndi mlandu, ndipo chilango chake chimafika zaka 10 kundende. Agogo obisa mdzukulu angathe kukodwa. Kholo nalo, ngati khoti linapereka kale mwana kwa agogo, silingangomunyamula poti ndi magazi ake. Ngakhale apolisi asakugwireni, woweruza akadzamva kuti mwana anajomba kusukulu mwezi wathunthu chifukwa cha inu, mwadzithira nokha matope.

Apolisi a Victim Support Unit angakuitaneni nonse n'kukukhazikani pansi, ndipo nthawi zambiri amathandiza kuziziritsa mitima. Koma si iwo ogamula kuti mwana azikhala ndi ndani mpaka kalekale. Musapite kumeneko ndi chiyembekezo choti akamulanda mwana kwa apongozi anu n'kukupatsani.

Nkhani imasintha ngati mwana ali pangozi: akumenyedwa, akugwiriridwa, akugona ndi njala, akukakamizidwa ukwati, kapena wasandutsidwa wantchito. Pamenepo palibe kudikira ankhoswe. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena thamangirani ku Victim Support Unit ya polisi yapafupi. Ngati wavulazidwa kapena kugwiriridwa, ku One Stop Centre ya pa Kamuzu Central Hospital kumapezeka achipatala, apolisi ndi a Social Welfare pamalo amodzi. Lamulo limalola wapolisi, wa Social Welfare, mfumu, ngakhale munthu wamba wa m'deralo kuchotsa mwana wotere n'kumuika pamalo otetezeka, koma nkhaniyo iyenera kufika kukhoti la ana pasanathe maola 48. Ndiye ngati mwamuchotsa mwana chifukwa cha nkhanza, kanenereni tsiku lomwelo. Kupulumutsa ndi kuba zimasiyana pamenepo.

Chachitatu: khalani pansi ndi ankhoswe, ndipo mulembe

Musanyoze mphasa ya pakhomo. Mwana ameneyu adzafunabe mbali zonse ziwiri pa chinkhoswe chake, pa matenda, pa maliro. Itanani ankhoswe a mbali zonse, mwinimbumba, ndipo ngati mawu akukwera onjezerani munthu wapadera: mkulu wa mpingo, shehe, a buloko lida, kapena a nyakwawa ngati kuli kumudzi. Sankhani malo amene si kwa agogo komanso si kwa kholo. Mwana asakhalepo. Ndinaonapo mtsikana wa zaka 9 atakhazikidwa pakati pa bwalo n'kufunsidwa kuti, "Loza amene ukumufuna." Anangoyang'ana pansi n'kuyamba kulira, ndipo tonse tinabalalika tili ndi manyazi.

Chimene chimapha zokambiranazi ndi kufika ndi mayankho awiri okha, kuti atsale kapena apite. Pakatipa pali njira zambiri. Mwana angathe kukhala kwa agogo nthawi ya sukulu n'kumapita kwa kholo holide iliyonse. Angathe kuyamba ndi kukagona kwa bambo ake Loweruka lokha, kenako sabata, kenako teremu, kuti azolowere mayi womupeza ndi ana ena a m'nyumbamo. Ngati ali Sitandade 7 kapena 8, nzeru ndi kudikira alembe mayeso kaye. Ngati kusamuka kuli kosapeweka, kuchitike chaka cha sukulu chikatha, kuti akayambe pamodzi ndi anzake mu Seputembala.

Inu makolo, pamsonkhano umenewu yambani ndi kuthokoza, ndipo kuthokozako kukhale ndi kanthu m'manja. Agogo ambiri amene ndakumana nawo sakana kuti mwana ndi wanu. Chimawawawa ndi kulowa pakhomo ngati mwadzatenga katundu amene munasungitsa. Enanso amaopa chinthu chimene sanganene pagulu: mdzukuluyo ndi amene amatunga madzi, amene amawawerengera mauthenga a pafoni, ndipo ndalama imene mumatumiza mwezi ndi mwezi inkadyetsa nyumba yonse. Mukanena poyera kuti chithandizo sichidzaima mwana akachoka, theka la mkangano limasungunuka. Kwa agogo amene mwana wawo anamwalira, mdzukulu ndi nkhope ya malemu. Zimenezo sizithetsedwa ndi mfundo za lamulo, zimafuna lonjezo loti adzamuona ndi maso, osati pa WhatsApp pokha.

Inunso agogo, dzifunseni mwakachetechete: mukukana chifukwa mwana akavutika kumeneko, kapena chifukwa mkamwiniyo simunamukondepo chiyambire?

Mukagwirizana, lembani. Papepala pakhale dzina la mwana ndi tsiku lobadwa, kumene azikhala, masiku ochezera mbali inayo ndi amene azilipira thiransipoti, amene azilipira fizi, yunifolomu ndi mankhwala, ndalama za pamwezi ndi tsiku lotumizira, ndi mwezi umene mudzakumanenso kuti muone ngati zikuyenda. Asayine onse ndi mboni, aliyense atenge kope lake. Mawu a pamphasa amauluka, ndipo ankhoswe nawo amamwalira. Dziwaninso kuti chigamulo cha mfumu kapena cha mpingo chili ndi ulemu wake, koma sichimanga munthu ngati chigamulo cha khoti. Mukafuna kuti pangano lanu likhale ndi mano, pitani nalo kukhoti la ana mukapemphe kuti lilembedwe ngati chigamulo chogwirizana.

Chachinayi: ofesi ya Social Welfare

Zikakanika pakhomo, musalumphe ofesi imeneyi. Ili pansi pa khonsolo ya boma la Lilongwe, ndipo m'madera muli alangizi oteteza ana amene a buloko lida kapena a mfumu angakulozereni. Mukafotokoza nkhani yanu amalemba kalata yoitana mbali inayo, n'kuyesanso kukuyanjanitsani. Milandu yambiri imathera pamenepa. Ikapitirira mpaka kukhoti, ndi anthu omwewa amene woweruza amawatuma kukaona makomo onse awiri ndi kulemba lipoti, ndipo lipoti limeneli limalemera kuposa mboni zanu zonse kuphatikiza.

Akabwera kudzayendera, musabwereke masofa kwa aneba. Sakudzaona chuma. Akufuna kudziwa kuti mwana amagona pati ndipo ndi ndani, ngati pali neti, amadya kangati, sukulu ili kutali bwanji, akaweruka amapeza ndani pakhomo, ndipo m'nyumbamo mumakhalanso anthu otani. Ngati muli malume woledzera amene amagona chipinda chimodzi ndi ana, adzamva kwa aneba ngakhale inu mubise. Umphawi paokha si chifukwa choti munthu alandidwe mwana. Nyumba ya njerwa zosawotcha ku Mtandire momwe mwana amakondedwa ingathe kuposa nyumba ya mpanda ku Area 47 momwe amangosiyidwa ndi wantchito. Ndipo musamuphunzitse mwana zonena. Anthuwa amacheza ndi ana tsiku lililonse, mawu oloweza amawazindikira msanga, ndipo amalemba m'lipoti kuti mwana anachita kuuzidwa.

Chachisanu: sonkhanitsani mapepala

Yambani lero, ngakhale mukuganiza kuti simudzafika kukhoti. Chofunika kwambiri ndi chiphaso cha kubadwa cha ku National Registration Bureau, chifukwa chimaonetsa mayina a makolo. Kenako kabuku ka kusikelo ndi ka kuchipatala, kamene kamaonetsa kumene mwana wakhala akulandira katemera ndi chithandizo. Malipoti a kusukulu, malisiti a fizi, ndi kalata ya ahedi yonena amene amabwera kumisonkhano ya makolo. Ngati kholo limodzi linamwalira, chiphaso cha imfa. Ngati malemu anasiya wilo kapena kalata yotchula woti adzalere ana, isungeni bwino, chifukwa lamulo limazindikira mlezi wosankhidwa ndi kholo, wosankhidwa ndi banja, kapena woikidwa ndi khoti.

Inu amene munali ku Joni kapena kwina kulikonse, umboni wanu uli m'foni. Mauthenga a Airtel Money, Mpamba, Mukuru, ndi macheza a pa WhatsApp ofunsa za mwana ndi amene adzayankhe mawu akuti "anamutaya." Asindikizeni papepala foni isanabedwe. Agogo nanunso, ngati kholo linangoti zii zaka zonsezi, lembani m'kope zimene mukukumbukira: mwana anabwera liti, ali ndi msinkhu wanji, anabwera naye ndani, ananena chiyani, ndipo kuchokera pamenepo anabwera kangati kudzamuona.

Pali vuto lina limene limabwera kawirikawiri kwa abambo amene sanalowe m'banja ndi mayi wa mwana. Akuchikazi amati, "Ife bambo ake sitiwadziwa, sanabwere kudzaonekera, ngakhale dameji sanalipire." Kusalipira dameji sikufafaniza ubambo. Lamulo la 2010 limalola kupempha khoti la ana kuti litsimikize kholo la mwana, ndipo khoti lingayang'ane dzina lolembedwa m'kaundula wa kubadwa, miyambo imene bamboyo anachita, chithandizo chimene ankapereka, ngakhale kulamula kuti ayezedwe magazi. Koma dziwani kuti khomo limeneli limatsekukira mbali zonse: mukatsimikizidwa kuti ndinu bambo, udindo wa ndalama nawo wakupezani.

Chachisanu ndi chimodzi: kukasuma

Lilongwe ili ndi khoti lake la ana. Ngati mwana ali m'boma lina komwe kulibe khoti lotero lapadera, a majisitireti amakhala ngati khoti la ana. Pitani ku ofesi ya akalaliki a khoti m'mawa, muli ndi chiphaso chanu cha unzika ndi mapepala aja, munene kuti mukufuna kupempha kuti muzisunga mwana. Adzakuuzani zolemba ndi zolipira, ndipo chilichonse chimene mwalipira mutengere lisiti. Mbali inayo iyenera kulandira chisamani. Musachite ukathyali woti asamve kuti mlandu uweruzidwe iwo kulibe, chifukwa akadzadandaula chigamulocho chingathe kuchotsedwa n'kuyambiranso.

Simukakamizidwa kukhala ndi loya, koma ngati mbali inayo ili naye, kapena nkhani yalowa za chuma cha masiye, funani thandizo. Legal Aid Bureau ndi bungwe la boma lothandiza amene sangathe kulipira loya, ndipo lili ndi ofesi mu Lilongwe muno. Amafunsa za kapezedwe kanu, ndipo ena amauzidwa kuti asonkheko kangachepe. A Women Lawyers Association ndi a Malawi Human Rights Commission nawo amalandira madandaulo okhudza ana.

Ganizirani bwino chimene mukupempha, ndipo musapemphe chinthu chimodzi chokha. Agogo anzeru amati: ndikupempha mwana akhale ndi ine ndipo makolo azipereka chithandizo, koma ngati khoti liona kuti apite, ndikupempha masiku oti azibwera kwathu alembedwe. Mukangopempha zonse n'kulephera, mungatuluke chimanjamanja. Pemphaninso chigamulo chongoyembekezera chonena komwe mwana akhale mlandu uli mkati, makamaka ngati mukuopa kuti atuluka naye m'dziko. Ngati makolo a mwanayo ali kale kukhoti pa mlandu wothetsa banja pansi pa lamulo la maukwati la 2015, nkhani ya ana imakambidwa komweko, choncho agogo amene akusunga mwana adziwitse khoti limenelo m'malo mongomva kuti zagamulidwa.

Kupatsidwa mwana kuti muzimusunga sikufanana ndi kumutenga kukhala wanuwanu mwalamulo. Mayi ake amakhalabe mayi ake, bambo ake amakhalabe bambo ake, dzina silisintha.

Chachisanu ndi chiwiri: tsiku la mlandu

Khoti la ana silikhala ngati lija la milandu ya mbava. Anthu ongodzaonerera saloledwa, ndipo dzina kapena chithunzi cha mwana sichiyenera kufalitsidwa. Izi zikukhudzanso inu: musaike nkhope ya mdzukulu pa Facebook ndi mawu akuti "andilanda." Musabwere ndi lole ya abale. Mboni ziwiri kapena zitatu zimene zinaona ndi maso ndi zokwanira: mphunzitsi, neba wakale, nkhoswe. Lankhulani Chichewa momasuka, palibe chokukakamizani Chingerezi.

Ndikuuzeni za azakhali anga. Mwana wawo wamkazi atamwalira anatsala ndi mdzukulu wamwamuna wa zaka 3, ndipo bambo ake anabwera kudzamufuna ali ndi zaka 11. Usiku wonse azakhali anakonzekera kufotokoza zoipa za mkamwini: kuti sanagule bokosi, kuti anakwatira chaka chisanathe, kuti pa maliro anafika mochedwa. Atayamba, woweruza anawasiya alankhule pang'ono, kenako anati, "Mayi, zimenezo ndamva. Tsopano tandiuzani za mwanayu." Anawafunsa zaka zawo, matenda awo a shuga, ndi kuti akagonekedwa m'chipatala mwana amamuphikira ndani. Azakhali sanayembekezere, anayamba kuchita chibwibwi. Woweruza atatembenukira kwa bamboyo anamufunsa kuti mwana ali Sitandade chani, amavala nsapato saizi yanji, mankhwala amene samuyanja ndi ati, ndipo mkazi wake watsopano wanenapo chiyani za kubwera kwa mwanayu. Bamboyo anayankha limodzi lokha.

Ndiye konzekerani mafunso amene akukuwawani inuyo, osati amene akuwawa mnzanu. Agogo, mudzafunsidwa za ukalamba, thanzi, ndalama, ndi amene adzatenge mwana inu mukadzafooka. Yankho labwino ndi kutchula munthu weniweni, mwachitsanzo mwana wanu wina amene mumakhala naye pafupi, ndipo abwere adzavomere yekha. Makolo, mudzafunsidwa chifukwa chimene munamusiyira mwana ndi chimene chasintha lero. Musaname. Kunena kuti "ndinalibe ntchito, ndinkamwa kwambiri, ndinasiya zaka 2 zapitazo, ndipo abusa anga ali panja angachitire umboni" kumamveka bwino kuposa kukana zinthu zimene dera lonse likudziwa. Ngati muli pa banja lina, mkazi kapena mwamuna wanu watsopano aonekere. Mantha aakulu a agogo, ndipo woweruza amawadziwa, ndi nkhanza za kholo lomupeza.

Mwana wamkulupo amafunsidwa maganizo ake, kawirikawiri pambali, inu mulibe. Mawu ake amamveka, koma si iye wogamula, ndipo ndi bwino kumuuza zimenezo asanalowe kuti asasenze mtolo woti wapereka agogo ake kapena wakana mayi ake. Muuzeni kuti anene zoona basi, ndipo palibe amene amukalipire. Akatuluka musamufunse kuti wanena chiyani.

Mlandu ungathe kuimitsidwa kangapo podikira lipoti kapena mbali ina ikajomba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu musajombe, ndipo lembani tsiku lotsatira musanatuluke pageti.

Za azakhali zinatha chonchi: mwana anatsala kwa iwo mpaka atalemba Sitandade 8, Loweruka ndi Lamulungu kawiri pamwezi ankapita kwa bambo ake, bamboyo ankalipira zonse za kusukulu, ndipo sekondale anakayambira kwa bambo ake, holide n'kumabwerera kwa agogo. Onse awiri anatuluka akung'ung'udza.

Za ndalama, poti ndi pamene pamabisala njoka

Kholo limene silikukhala ndi mwana limayenerabe kumuthandiza, ndipo agogo amene akusunga mdzukulu angathe kukasuma chithandizo kukhoti lomwelo la ana. Khoti limayang'ana kapezedwe ka kholo ndi zosowa za mwana. Musaphatikize zinthu ziwirizi pokangana: agogo asamati "sumuona mpaka ulipire," ndipo kholo lisamati "sindilipira mpaka mundipatse." Mbali iliyonse ili ndi njira yake yodandaulira.

Pamene pali maliro, tiyeni tinene zoona, nthawi zina amene akulimbiranidwa si mwana koma nyumba ya ku Area 49 ndi ndalama za kuntchito kwa malemu. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana patsogolo, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wa kupolisi. Gawo la mwana ndi la mwana. Kusunga mwanayo sikukupatsani inu umwini wa gawolo, ndipo ngati palibe wodalirika, ofesi ya Administrator General ingathe kuyang'anira chumacho. Woweruza akanunkhiza kuti chidwi chanu pa mwana chinayamba tsiku limene munamva za cheke, mlandu wanu wafooka.

Chigamulo chikatuluka

Musachoke ndi mawu a pakamwa okha. Funsani kwa akalaliki tsiku lodzatenga chigamulo cholembedwa, chokhala ndi chidindo cha khoti, ndipo muchijambulitse makope angapo. Limodzi lipite kwa ahedi a sukulu kuti adziwe woyenera kutenga mwana, lina kwa a Social Welfare, lina musunge pamodzi ndi chiphaso cha kubadwa. Ngati simunamvetse mawu ena, funsani pomwepo kuti akumasulireni: "holide" ndi masiku angati, wokamutenga ndani, wokamutula ndani, nthawi yanji.

Ngati simukukhutira, njira ndi kuchita apilo ku High Court, komwe kuli nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye. Nthawi yochitira apilo ndi yochepa, choncho kaonaneni ndi loya kapena a Legal Aid sabata yomweyo. Podikira apiloyo, chigamulo chilipocho chitsatidwe pokhapokha khoti litachiimitsa. Mbali ina ikamaphwanya, mwachitsanzo kukana kubweza mwana holide ikatha, musakamenyane pakhomo. Bwererani kukhoti lomwelo ndi pepala lanu. Zinthu zikadzasintha kwambiri, agogo adwala, kholo lasamukira kunja, kapena mwana wakula ndipo akufuna zina, mungathe kupemphanso kuti chigamulo chiunikidwe.

Likafika tsiku loti mwana asamuke, agogo ndi amene amulongedzere chikwama, ndipo ngati miyendo ikulola amuperekeze mpaka pakhomo latsopanolo, aone pomwe azigona, adye nsima ya pamenepo. M'chikwamamo muikemo kabuku ka kuchipatala, kalata ya transifa ya kusukulu, yunifolomu, ndi bulangete limene analizolowera ngakhale litang'ambika. Muuzeni mayi womupeza zakudya zimene sizimuyanja ndiponso ngati amakodza pogona, kuti asakakalipiridwe usiku woyamba. Nambala ya foni ya agogo ilembedwe kuseri kwa kope lake la masamu, ndipo tsiku loyamba lobwera kudzacheza alidziwe asanakwere minibasi.